Kamvuluvulu wa m'diramu

Shedi yanga ili kuseri kwa nyumba ku Glen View, ndipo zenera la chipinda cha Amayi linayang'anizana ndi khomo lake. Ukalipentala ndinayambira pamsika waukulu wa mipando wa m'dera lathu lino, koma malo anandichepera. Nditagula makina opalira matabwa, sowo ya magetsi ndi kamakina kosalalitsira, ndinakokera zonse kunyumba n'kumadzimva ubwana. Za fumbi sindinaganizeko. Utuchi wokhuthala ulibe mlandu, umagwa pansi munthu n'kusesa. Loipa ndi fumbi lija losalala ngati ufa, limene limayandama tsiku lonse n'kukatera pa mbale, pa bulangete, ngakhale pa Baibulo lotseka.

Amayi ali ndi mphumu, anachoka nayo kufamu kumene tinakulira. Chaka chimenecho inakula. Ankatsokomola m'mawa uliwonse mpaka misozi, kopopera kakukamwa kali m'manja, ndipo anamwino akukiliniki anafunsa ngati kunyumba kuli utsi kapena fumbi. Amene anawaperekeza tsiku limenelo anali achemwali anga aakulu, amene amagulitsa tomato ku Hopley. Iwowo nkhani sainyamula mpaka mawa. Anatsika kombi, minibasi ya kuno, kulowa m'shedi osagogoda, n'kuzimitsa makina ndi dzanja lawo.

"Achimwene, musankhe. Matabwa kapena Amayi. Ikamayamba nyengo yozizira fumbi ili likadalipo, ndikubwera kudzawatenga."

Ndinayesa kunena kuti kwawoko ndi chipinda chimodzi, madzi ndi ogula, tchalitchi cha Amayi chili kuno. Anandiyankha kuti chipinda chimodzi chopumamo bwino chimaposa nyumba yonse yotsamwitsa. Matabwawo ndi amene ankatidyetsa tonse, koma Amayi achoke pakhomo panga chifukwa cha ntchito ya manja anga, zimenezo zinandiwawa mumtima. Amayi eni akewo anangokhala pampando wawo n'kumayang'ana nkhuku, ngati akukambidwawo ndi munthu wina.

Nzeru inandipeza ndili pamzere kuchigayo, akazi anga atandituma. Ndinkangoyang'ana chifanulo chachikulu cha malata chija chimene ufa umatulukira kunsi kwake, ndipo ndinakumbukira malemu bambo, amene ankayendetsa chigayo cha pafamu. Ankatiuza kuti mkati mwa chifanulocho mphepo imazungulira ngati kamvuluvulu, ufa umatopa n'kugwa, mphepo yokha n'kutulukira pamwamba. Ndinadzifunsa kuti ngati ufa umatopa, utuchi ungalekerenji? Ndinatsala pang'ono kusiya thumba la chimanga pomwepo. Ndinafika kunyumba ndikuyankhula ndekha, akazi anga n'kundinunkhiza m'kamwa kuti aone ngati ndadzera kumowa.

Kuyambira pamenepo ndinalibenso nkhani ina. Ndinajambula chifanulocho pa chidutswa cha pulayiwudi, n'kupita nacho kwa mkulu wina wokhoma zidebe pafupi ndi msika. Anandifunsa ngati ndikutsegula chigayo, ndipo nditamufotokozera anaseka mpaka kukhala pansi, koma anachikhoma bwino lomwe. Fani yachitsulo ndi mota yake ndinakazipeza ku Graniteside, kwa ogulitsa zitsulo zakale, zitachita dzimbiri koma zikuzungulira. Ndinazinyamula pamiyendo m'kombi ngati mwana wodwala, kondakitala akudandaula kuti ndadya malo a anthu awiri. Mapaipi anali apulasitiki aja a madzi oipa, atsopano ndithu, ndipo ndinawayendetsa m'munsi mwa denga, nthambi imodzi kutsikira ku makina aliwonse. Polumikiza ponse ndinamanga ndi malegeni a chubu cha galimoto. Panthambi iliyonse ndinaika kachitseko kathabwa kokoka, kuti mphamvu yonse izipita kumene ndikugwira ntchito.

Chinatsala ndi chogweramo utuchi. Apa ndi pamene ndinaponda pamoto. Kuno madzi a m'mipope amabwera akafuna okha, choncho diramu yosungira madzi ndi chuma cha mayi wapakhomo. Akazi anga anali ndi madiramu awiri apulasitiki obiriwira, ndipo imodzi inali yopanda madzi tsiku limenelo. Ndinati ndingobwereka poyesera. Ndinaikhazika pansi pa chifanulo, kumata pakamwa pake kuti mpweya usalowe, n'kuitana ana kuti adzaone nzeru za bambo awo.

Fani inalira bwino. Ndinaika dzanja pakamwa pa paipi ndipo linakokedwa mwamphamvu. Ndinathira utuchi wodzaza manja awiri, unapita wonse fyuu, tikuumva ukuthamanga m'paipi pamwamba pa mitu yathu. Ana anayamba kuvina n'kumakuwa m'Chishona, poti Chichewa chawo chimathera pa moni. Ndiye ine, pofuna kuonetsa kuti zitseko zanga zimagwira, ndinatseka zonse nthawi imodzi. Mpweya utasowa polowera, makinawo anayamba kuyamwa diramu yomweyo. Inalira kamodzi kuti phwa, n'kufinyikira mkati ngati tsaya la munthu wopanda mano.

Akazi anga anatuluka ndi sopo m'manja. Anayang'ana diramu, kuyang'ana ine, n'kundifunsa modekha kwambiri ngati kamvuluvulu wangayo azitunganso madzi kuchitsime. Kwa masabata angapo wopita ndi wilibala kumjigo ndinali ine, amayi apamzere akundipatsa moni wa ulemu wonyanyira. Koma ndisaname, ngakhale pokankha wilibalayo ndinkamwetulira. Chinthu chimene chingaphwanye diramu chili ndi mphamvu, ndipo mphamvuyo ndi imene ndinkafuna.

Ndinapeza diramu yachitsulo yokhala ndi chivindikiro chomanga ndi lamba, ndipo ndinaphunzira kusiya kachitseko kamodzi kotsegula nthawi zonse. Utuchi unayamba kugwera m'diramu monga ndinkalotera. Vuto linatsala kotulukira mpweya. Fumbi losalala lija silitopa msanga, linkadutsa chifanulo n'kutuluka ndi mphepo, ndipo dzuwa likawomba chammbali ndinkaliona likulunjika kuzenera lomwe lija. Ndinamangapo thumba la feteleza, fumbi linkadutsa. Ndinamangapo pulasitiki, anatupa n'kuphulika. Kunja kunali kutayamba kale kuzizira m'mawa, ndipo ndinayamba kuchita mantha.

Tsiku lina masana Amayi anandiitana. Pamiyendo pawo panali thumba lalitali kuposa msinkhu wanga, losokedwa pamanja kuchokera ku bulangete lawo lopyapyala la thonje, msoko uliwonse wobwerezedwa kawiri. Anati kuchigayo cha bambo ako pamwamba pankalendewera thumba ngati ili, ndipo ankalichapa ndi iwowo. Anawonjeza kuti ndizilikutumula makina atazima, osati akuyenda. Za ku Hopley sanatchule, inenso sindinafunse. Nditalimangirira n'kuyatsa fani, thumbalo linadzuka pang'onopang'ono n'kuima chilili, lonenepa ngati mkulu wa mpingo. Ndinayang'ana m'kuwala kwa dzuwa, ndipo munalibe kanthu.

Ndinatumiza uthenga kwa achemwali kuti abwere Loweruka adzaone okha. Anabwera, nkhope ili gwa, ndipo mayeso anasankha okha. Analowa m'chipinda cha Amayi, kutenga bulauzi yoyera imene amavala kumsonkhano wa amayi Lachinayi, kuinyowetsa, n'kuiyanika pachingwe pakati pa shedi ndi zenera. Kenaka analoza mulu wa matabwa a mlombwa, umene kuno amati mukwa, uja fumbi lake limakhala lofiira. Anati ndipale umenewo, ndiusalalitsenso.

Magetsi anali atathima. Tinakhala pabwalo kudikira, ine ndikutuluka thukuta kunja kukuzizira, achemwali akuthira madzi bulauzi ija ikayamba kuuma. Aneba awiri anamva nkhaniyo n'kudzatsamira pampanda. Itakwana nthawi ya chakudya chamasana, babu la pakhonde linayaka, ndipo ndinathamanga ngati mnyamata. Ndinapala mlombwa uja thabwa ndi thabwa, ndinadula, ndinasalalitsa mpaka mikono kuchita dzanzi. Sindinagwirepo ntchito mokondwa chotero. Zopala zinkachoka pampeni n'kulowa m'paipi zisanakhudze pansi, diramu ikulira ngati mukugwa mvula ya matalala, thumba la Amayi lili njo pakona. Ndinayamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi mokweza, poti phokoso linkandibisa.

Nditazimitsa, achemwali anapita pachingwe. Anayang'ana bulauzi kutsogolo ndi kumbuyo, anatembenuza kolala, anainunkhiza. Anapita pazenera la Amayi n'kupititsa chala pafelemu, kuchiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatsegula diramu, n'kupeza yadzaza kupitirira theka ndi utuchi wofiira.

"Zonsezi zinkalowa m'chifuwa mwa Amayi?"

Ndinavomera ndi mutu. Chimwemwe changa chinaphwa pang'ono pamenepo, chifukwa funsolo linali loona. Iwo anati bulauzi si mapapo, ndiye aona mmene Amayi athere nyengo yozizira. Koma pochoka anadzaza matumba awiri a utuchi woyatsira mbaula yawo, n'kundiuza kuti ndiziwasungira wina.

Chifuwa sichinathe tsiku limodzi, ndipo mphumu ikadalipo mpaka lero. Kunali kuchepa pang'onopang'ono, kosaoneka kwa munthu wokhala nawo. Ine ndinali nditazolowera kuti m'mawa ndikamatsegula loko wa shedi, kuseri kwa zenera kumamveka kutsokomola, ndipo ndinkadziwira pomwepo kuti Amayi adzuka. Mmawa wina wozizira kwambiri ndinatsegula loko, kuli zii. Ndinaima kumvetsera. Ndinagwedeza dala unyolo wapachitseko, koma kunalibe yankho. Ndinathamangira m'nyumba n'kukankha chitseko chawo popanda ngakhale odi.

Anali atakhala pabedi, ali bwinobwino, chitenje chili paphewa. Pansi panali chikwama chachikulu cha mizeremizere chija cha paulendo, chotsegula, ndipo ankatulutsamo zovala zopindidwa n'kumaziika pambali pawo. Munali madiresi, nsapato za kutchalitchi, chithunzi cha bambo chokulungidwa m'thaulo. Sindinkadziwa kuti chikwamacho chinali pansi pa bedi nthawi yonseyi, cholongedzedwa kale.

Anandiyang'ana mondidzudzula.

"Wakula wopanda mwambo iwe, kulowa m'chipinda cha amako ngati mbuzi. Poti wabwera, tatenga chithunzi cha bambo akochi ukachibwezere pakhoma. Msomali wake ukadalipo."