Nthano Zodikira Chipale Chofewa

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu amene anandisungira ntchito m'zaka zija chuma chinagwa ku Dubai, pamene nyumba zosanja zinaima zosatha ndipo anthu ankasiya magalimoto pabwalo la ndege n'kuthawa.

Ndinali namwino ku Oud Metha, ndikukhala ku Al Qusais. M'chipinda changa china ndinalowetsamo mayi wa ku America, injiniya amene ntchito yake yomanga inali itaimitsidwa. Sindinamukhulupirire. Ankadzitsekera n'kumabwereza mawu achilendo, osakhala Chingerezi kapena Chiarabu, ndipo pazenera ankaikapo kathumba ka fodya chonsecho sankasuta. Ine ndinakulira m'mapemphero, ndimadziwa kuti mizimu imayenera kuyesedwa. Pakhomo pake ndinkadutsa ndikupemphera chamumtima.

Tsiku lina ndinamufunsa mosapsatira: "Achemwali, mumalankhula ndi ndani m'chipindamu?"

"Ndi amalume, pa foni," anatero. "Akundiphunzitsa Chipotawatomi, chilankhulo cha makolo athu. Ochidziwa bwino atsala ochepa, okalamba okhaokha. Amalumewo akudwala."

Fodya uja, akuti, ndi wopereka kwa wamkulu ukamapempha nzeru. Chimene chinkamusowetsa mtendere chinali nthano zakale. Kwawo sazinena pokhapokha chipale chofewa chili pansi, ndipo amalume ake ankakana kumuuza iye ali m'chipululu. Kupita kwawo ankazengereza, poopa kuti ntchito ikayambanso malo ake apatsidwa wina. Ndinamvetsera, koma mumtima ndinati wabodza sasowa yankho.

Lachisanu lina anandipempha kuti ndimuperekeze kusitolo ina yaikulu momwe muli chipale chopangidwa ndi makina. Ndinapita Baibulo lili m'chikwama, kuti ndione ndi maso anga chimene ankafuna kukachita. Tinabwereka majekete n'kulowa. Anthu ankatsetsereka uku akukuwa m'Chiarabu kuti "yalla," ndiye kuti tiyeni! Iye anagwada pakona, anathira kafodya pachipalecho, n'kuimbira foni amalume ake kuti tsopano amuuze nthano. Ine ndinaima chapatali, wokonzeka kutuluka.

Nkhalamba ija inaseka mpaka kutsokomola, ine n'kumamvera pomwe ndinali. Mnzangayo anatsitsa foni, misozi ili m'maso.

"Akuti chiyani?"

"Akuti, 'Iwe mwana wa mlongo wanga, chipale cholowera ndi tikiti? Chinagwa kuchokera kumwamba kapena kudenga? Kuno chafika m'mawondo. Bwera, cha chaka chamawa sindichiona.'"

Pamenepo ndinakumbukira kwathu ku Ntcheu, kumene nthano sizinenedwa dzuwa lili pamutu. Ine ndemwe, Mkhristu wa pa ubwana, sindinayesepo kuzinena masana.

Sabata yomweyo analongedza katundu. Za kudikira ntchito anangoti, "Khalas," kutanthauza kuti zatha. Ndinamuperekeza kubwalo la ndege, tikudutsa magalimoto okutidwa ndi fumbi amene eni ake anawathawa. Ngakhale pamenepo kamtima kena kankandiuza kuti naye akuthawa basi, za amalumezo n'chophimbira.

Patapita miyezi anandiimbira. Anakhala pambali pa bedi la amalume ake nyengo yonse yozizira, akumva nthano imodziimodzi, ndipo chipale chitasungunuka anawaika m'manda. Ndinamupempha kuti andiuzeko imodzi.

"Kumeneko kwagwa chipale?" anafunsa, n'kuseka.

Za fodya uja mpaka lero sindizimvetsa, ndinazisiya m'manja mwa Iye wodziwa mitima. Inu owerenga, Mulungu amene amamva malilime onse akusungireni okalamba anu, ndipo akupatseni miyendo yowafikira mawu akadali m'kamwa mwawo. Amen.