Ndinagula mfuti ya dzanja lamanja ndili wamanzere

Ndinalakwitsa, ndipo sindizungulira. Ndinalowa mu shopu ndi miyendo yanga, nditanyamula ndalama zanga zothyokera msana, n'kugula mfuti ya anthu a dzanja lamanja pomwe ine ndine wamanzere chibadwire. Palibe anandiopseza, palibe anandinamiza. Ndinangochita manyazi basi. Inu owerenga, musathamangire kufunsa kuti mayi wa mwana akufuna chiyani ndi mfuti. Funso limenelo ndalimva mpaka makutu kuwawa, ndipo pa zimenezo sindipepesa kwa munthu. Chimene ndikulapa n'chakuti ndinalola wina kundisankhira, ine ndili chilili pompo ngati mtengo.

Ndimakhala ku Coolock, kuno kutsidya kwa nyanja, ndi mwana wanga wamkazi, Tadala, amene anabadwira konkuno. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Blanchardstown: kusambitsa, kudyetsa, kutembenuza anthu pabedi. Tsiku lonse manja anga ndi a anthu ena. Mnzanga wa kuntchito, nesi wa konkuno dzina lake Orla, anandikakamiza Loweruka lina kuti ndimuperekeze ku kalabu yake yowombera, kunja kwa tawuni. Ndinapita kuti asiye kundivutitsa. Kumeneko sawombera nyama, sawombera munthu. Amawombera pepala la mizere yozungulira, lomwe amalitcha tageti, lopachikidwa pa mtunda wa mamita fifite. Mfuti zake ndi zazing'ono, zija amati .22, kulira kwake ngati wathyola nkhuni youma. Nditagona pamphasa, n'kugwira mpweya, n'kuona kabowo katatuluka papepala, mutu wanga unakhala zii koyamba chibwerereni m'dziko lino. Ndinadziwa pompo kuti ndapeza chinthu changachanga.

Tsono ndikuuzeni za dzanja. Kwathu ku Dedza mwana wamanzere amawongoledwa. Kunyumba mayi ankandimenya kadzanja ndikapisa m'mbale, kusukulu aphunzitsi ankamaliza ndi rula. Ankati dzanja limenelo ndi la kuchimbudzi, sulandirira nalo kanthu kwa wamkulu, sudyera, sulembera. Ndinaphunzira. Ndimalemba ndi lamanja, ndimadya ndi lamanja. Koma ndikakhala ndekha kukhitchini, mpeni umapezeka uli kumanzere osadziwa kuti wafikako bwanji. Tadala naye anatengera ine. Kusukulu kwake palibe anadandaulapo, koma patebulo panga ndinkamuwongola monga anandiwongolera ine, ndipo ndinkaona ngati ndikulera bwino.

Mphunzitsi wa ku kalabu, bambo wachikulire wotchedwa Declan, anandigwira kuti ndine wamanzere tsiku loyamba lomwe. Anandiuza kuti ndipange kabowo ndi manja awiri, ndiyang'anire mtengo wina patali, kenako nditseke maso mosinthana. Nditatseka lamanzere mtengo unathawa. Anati diso limene limalamulira mwa ine ndi lamanzere, ndipo mfuti imatsata diso. Anandibwereka mfuti yakale ya amanzere, ya membala wina. Abale inu, inandikhala ngati nsapato yanga! Patapita miyezi ndinkalowetsa zipolopolo zisanu pamalo oti khobidi la yuro likhoza kuphimba. Kenako Declan anandiuza kuti dzinja lozizira la kunoli likatha kalabu idzasankha anthu anayi okapikisana ndi makalabu ena, ndipo ine ndikhoza kulowa. Vuto linali limodzi: mwini mfuti ija ankasamuka, ndipo ankaitenga. Ndinayenera kugula yanga.

Kuno mfuti sugula ngati buledi. Umayamba wasankha, kupereka ya chikole, wogulitsa n'kukupatsa nambala ya mfutiyo. Nambala imeneyo ndi imene umapita nayo kwa apolisi kukapempha laisensi, n'kudikira miyezi, bokosi lachitsulo losungiramo mfuti utakhomera kale kukhoma. Laisensi ikatuluka imakhala ya mfuti imeneyo basi. Ukasankha molakwika sungabwerere mawa lake kuti ndisinthireni. Zonsezi ndinkazidziwa. Declan anandibwerezera kawiri kuti ndigule ya amanzere, ndipo ndinavomera ndi mutu.

Kulakwa kwanga kunayambira pa galimoto. Shopu ili kutali, basi sifikako bwino, ndiye ndinapempha amalume anga kuti andiperekeze. Amalumewa ndi mlongo wawo wa mayi anga. Kumudzi anali msilikali, kuno ndi gadi ku Tallaght. Ndi iwo anandilandira nditangofika, ndinagona pabalaza pawo, ndinadya chakudya chawo. Atamva kuti ndi za mfuti anasangalala kwabasi. Anati nkhani imeneyo ndi yawo, ine ndingoonerera.

Pa ndalama zimene ndinali nazo, wogulitsa anatiyalira mfuti zitatu. Sizinali zotchipa zija zogwedera, sizinalinso za akatswiri zimene mtengo wake ukhoza kugula galimoto. Zinali zapakatikati, mitengo yake yoyandikana. Yoyamba inali yopepuka, yodzilowetsera yokha chipolopolo ukawombera. Imeneyo ndinaikana msanga, chifukwa ya tageti imafunika ya mpope wolemera, yosagwedezeka. Yachiwiri inali yokongola, thako lake lotsamira paphewa lathabwa lonyezimira, bolti yake kudzanja lamanja. Bolti ndi chogwirira chachitsulo chimene umakoka kuti khoko la chipolopolo lituluke, n'kukankha kuti china chilowe. Yachitatu inali ya pulasitiki yakuda, yosaoneka bwino ngati chitsulo cha pa bedi la kuchipatala, koma mpope wake wolemera chimodzimodzi, bolti yake kumanzere.

Ndinanyamula yakudayo, ndipo inapita yokha paphewa lamanzere. Tsaya linakhala pamalo pake, diso linapeza galasi loyang'anira popanda kufunafuna. Wogulitsa anamwetulira n'kundifunsa ngati ndili wamanzere. Ndisanatsegule pakamwa, amalume anayankha m'Chingerezi kuti ayi, m'banja mwathu mulibe zimenezo. Kenako anatembenukira kwa ine m'Chichewa, motsitsa mawu.

"Iwe, usatichititse manyazi pamaso pa anthu. Tinakuwongola kalekale. Ku usilikali amanzere tinkawawongola sabata imodzi. Tenga yathabwayi, ndiye mfuti imeneyi."

Inu owerenga, ndine mayi wamkulu. Ndimakangana ndi mabwana kuntchito, ndinalimbana ndi maofesi a dziko lino mpaka mapepala anga anatuluka. Koma pamaso pa amalume ndinabwerera kukhala kamtsikana kobisa dzanja kumbuyo. Ndinaika pansi mfuti yanga, n'kunena kuti, "Chabwino amalume." Wogulitsa anandifunsanso ngati ndatsimikiza, ndipo ndinati eya. Anthu amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Awa anagonera n'kusasa.

Declan sindinamuuze mpaka laisensi itatuluka. Tsiku limene ndinatsegula chikwama cha mfuti pamaso pake, anayang'ana bolti, n'kuyang'ana ine. Sanakalipe. Anangoti ena amaphunzira kuwombera ndi mbali inayo, koma zimatenga nthawi, ndipo sakuona chifukwa choti ndidzizunzire. Ine ndi mwano wanga ndinati ndizolowera.

Dzinja lonse ndinalimbana nayo. Ndikaika paphewa lamanja, diso lamanzere limakana kugona, mutu umapendekera pamwamba pa thako kuti lione. Ndinamata tepi pagalasi lamanzere la magalasi anga, mutu n'kumawawa mpaka Lolemba. Khosi linauma, kuntchito ndinkatembenuka thupi lonse wodwala akandiitana. Ndinayesa kuiika paphewa lamanzere, zinali zoipa kuposa. Potsamira tsaya panali mbali inayo, ndipo pokoka bolti ndinkadutsitsa dzanja pamwamba pa galasi, kaimidwe konse n'kusokonekera chipolopolo chilichonse. Mfuti inalibe mlandu. Orla ataiyesa anaboola pakati penipeni n'kuiyamikira. Kwa ine chinali chikomekome cha mkuyu. Ndikawadandaulira amalume pafoni ankangoti ndilimbe mtima, ulesi ndi umene ukundivuta.

Tsiku losankha anthu anayi aja linafika. Tinagona pamzere, aliyense ndi tageti yake ya nambala, Orla ali kumanzere kwanga. Ndinayamba bwino pang'ono. Chapakati khosi linayamba kukoka, ndinadzutsa mutu kuti ndipume, ndipo pobwerera ndinaupendeketsa monga mwa chizolowezi changa choipa chija. Ndinaona bwalo lakuda m'galasi, ndinawombera, ndinawomberanso. Nambala sindinaiyang'ane. Atapita kukatenga mapepala, langa linali ndi mabowo operewera, la Orla linali ndi owonjezera. Ndinali nditawombera tageti ya mnzanga. Palibe anaseka, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kusekedwa. Orla analowa mu timu, ine ndinatsala. Malo amene ndinawagwirira ntchito chaka chathunthu anapita chifukwa cha mawu awiri, chabwino amalume.

Madzulo ake tikudya, Tadala anatenga foloko ndi dzanja lamanzere. Mkwiyo wonse wa tsikulo unatsikira pa mwana. Ndinamumenya kadzanja ndi supuni, mwamphamvu kuposa masiku onse. Sanalire. Anandiyang'ana, n'kundiyankha m'Chingerezi chake chija, Chichewa amangomva.

"Amayi, inunso ndinu amanzere. Ndimakuonani mukamadula anyezi. Ndiye mumandimenyeranji?"

Ndinaona kadzanja kake katafiira, ndipo ndinaona tsiku limene mwana ameneyu adzaime penapake, chinthu chomuyenera chili m'manja, n'kuchiika pansi chifukwa choopa nkhope yanga. Ndinamupepesa. Kwathu kholo silipepesa kwa mwana, koma ndinamupepesa, n'kumubwezera foloko m'dzanja lomwelo.

Lamulungu lotsatira, Misa itatha, tinali mu holo ya parishi tikumwa tiyi ndi a Malawi anzathu. Nkhani inali itafika kale, mukudziwa mmene timachitira. Ndinamva amalume akufotokozera azibambo ena kuti iwo anandisankhira mfuti yabwino kwambiri, kungoti zinthu zimenezi si za akazi. Apo ndiye magazi anawira. Ndinaika kapu pansi, ndinapita pomwe anakhala, ndinawerama monga mwa ulemu, koma mawu sindinatsitse.

"Amalume, munandilandira m'dziko lino, sindidzaiwala. Koma ine ndine wamanzere. Simunandiwongole, munangondiphunzitsa kubisa. Mfuti ija ndikubweza, ndipo ulendo uno ndipita pa basi."

Mayi wina anati, "Koma abale, mwano wakewo!" Ndinamuyankha kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, khosi limene linauma dzinja lonse ndi langa. Ena mpaka lero amanditcha mayi wa mfuti ndikadutsa. Anene! Akatopa asiya.

Ndinapitadi pa basi, mtunda wotsala ndinayenda wapansi mvula ikuwaza. Wogulitsa anandikumbukira. Yathabwa ija anaitenga pa mtengo wotsika, ndinaluza, ndipo ndinayambiranso kudikira apolisi kuti asinthe laisensi. Mpikisano unachitika ine ndili wowonerera, ndikuwasungira anzanga majekete. Panopa ndili nayo yakuda ija, yonyansa ija, ndipo mabowo anga abwerera pamodzi. Kaya chaka chino ndilowa mu timu kaya ayi, ndikalephera ndilephera ndi diso langa.

Tsono inu owerenga amene mukuganiza zoyamba masewera amenewa, mverani ine amene ndinapsa. Mfuti zapakatikatizi sizisiyana kwenikweni pa kuwombera. Pafupifupi iliyonse imawombera bwino kuposa mwini wake. Chimene chimasiyana ndi mmene ikukhalira pathupi panu. Yambani mwadziwa diso lanu lolamulira. Mu shopu muinyamule, mutseke maso, muiike paphewa, kenako mutsegule. Ngati mukufunafuna galasi ndi khosi, si yanu, ngakhale thabwa lake linyezimire bwanji. Kokani bolti muone ngati dzanja likufika popanda kusuntha mutu. Funsani amene amakuonani mukuwombera sabata ndi sabata, osati amene anagwirapo mfuti ina kale kwinakwake. Ndipo chachikulu, musapite kokagula ndi munthu amene simungathe kumukanira. Bola kunyowa pa siteji ya basi.

Amalume sanandiyimbirebe foni. Tikakumana kutchalitchi ndimawapatsa moni ndi manja awiri monga anandilelera, iwo amayankha moyang'ana kumbali. Zimandiwawa, sindinama, koma mawu anga sindibweza. Malo mu timu ndinataya, ndalama ndinataya, ndipo ndikanapitiriza ndikanamutayitsanso mwana wanga dzanja lake. Tadala amadya ndi lamanzere patebulo panga, alendo akhalepo asakhalepo. Amene zikumunyansa ayang'ane m'mbale mwake.