Dzina la Msuweni Wanga

Ndili m'kalasi ku yunivesite kumene ndayamba maphunziro ndi imvi zangazi. Mphunzitsi, mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga, akuitana mayina. Pofika pa langa, tikuyankha anthu awiri.

Winayo ndi msuweni wanga, amene ndinabwereka dzina lake kalekale kuti ndibwereze Sitandade 8. Wakhala pampando wanga, khasu lili pamiyendo, matope akudontha.

"Asuweni," akutero uku akuseka, "chobwereka chimabwezedwa. Ndadzatenga."

"Mayeso ndinalemba ndine!" ndikukalipa. Ndikutsegula chikwama n'kuyala mapepala onse motsatira zaka: masatifiketi, kalata yondiitana kuno, ngakhale lipoti la teremu yoyamba. Palibe losowa. Koma zilembo zikunyamuka ngati nyerere, zikutsika ndi mwendo wa tebulo, zikukalowa m'thumba la malaya ake.

Mphunzitsi akutembenuza pepala loyera mbee. "Nanga inuyo bambo, tikulembeni kuti ndani?"

Ndikutsegula pakamwa, koma dzina limene makolo anandipatsa sindikulikumbuka. Ophunzira onse akudikira, zolembera zili m'mwamba.

Ndadzuka kutulo. Mapepala ndawawerenga kawiri, onse alipo. Kalasi iyamba posachedwa, koma nsapato sindinavalebe.