Moto wa Pansi pa Chigafa

Amalume anali ndi kachitsulo kamene sikankachoka m'thumba la jekete lawo. Kanali kachidutswa ka tupa, kotalika ngati chala, kosalala mbali imodzi chifukwa chogwiridwagwiridwa. Kankakhala m'kachitini ka polishi wa nsapato pamodzi ndi mwala wa nsangalabwi ndi tinsanza takuda topsereza. Ukatsegula kachitiniko, fungo lake linali la mwaye ndi fodya wa chingambwe. Anthu ankawaseka kuti n'chifukwa chiyani akuvutika ngati munthu wamakedzana pamene machesi ali pa okala iliyonse. Iwo ankangoyankha kuti machesi ndi bwenzi la m'chilimwe basi.

Chaka chimenecho ndinali kamtsikana ka zaka ngati khumi. Bambo anali atamwalira nthawi yosoka fodya, pa esiteti ina cha ku Nkhamenya kumene tinkakhala ngati matenanti. Fodya atagulitsidwa, kapitawo anauza amayi, mwaulemu ndithu, kuti nyumba tinkakhalayo ikufunika banja lokhala ndi mwamuna. Amalume, mlongo wawo wa amayi, ndiwo anabwera ndi njinga kudzatitenga. Anali atatipemphera malo kwa mfumu Njombwa, pa kachitunda kamene kanali kokha tsidya lina la dambo, mudzi wonse uli kutsidya. Amene ankalimapo kale anasiyapo chigafa cha fodya chopendekeka, mbali ina ya denga itagwa. Pafupi ndi chigafacho amalume anazika mitengo, ine ndi amayi n'kumata dothi ndi manja, kanyumba n'kutheka. Tinalipo amayi, amalume, ine ndi kamlongo kanga kamene kanali katangosiya kuyamwa.

Ndikayang'ana m'mbuyo lero ndimaona kuti tinali osauka kwambiri, koma nthawi imeneyo sindinkaona choncho. Pa esiteti amayi ankalima fodya wa mwini wake, chimanga n'kumachita kuyezeredwa m'chitini. Apa ankadzuka m'mawa n'kumayenda m'mizere yawoyawo, manja kumbuyo, ngati munthu amene akuyendera abale. Anayambiranso kuimba akamatsuka mbale, zimene ndinali ndisanazimve chichitikire maliro.

Madzulo dzuwa likapendeka amalume ankakhala pachitsa n'kupichira fodya wawo m'khoko la chimanga, ine n'kunjuta pambali kudikira kachitini. Ankaika kansanza pamwamba pa mwala, n'kukapanikiza ndi chala chachikulu, kenako n'kumenya m'mphepete mwa mwalawo ndi kachitsulo, kuchokera m'mwamba kutsikira m'munsi. Mbaliwali zinkathetheka, imodzi n'kugwera pa kansanzako, kadontho kofiira n'kuyamba kukula. Amayi sankakondwa nazo. Ankati mwana wamkazi amapala moto kwa anzake, sasewera ndi zitsulo. Amalume ankawafunsa kuti pa chitunda pano anzakewo ali kuti, kenako n'kundipatsira kachitsuloko.

Ndinkalephera. Ndinkamenya mwala ngati ndikuswa mtedza, nthawi zina n'kudzimenya chala. Mwa apo ndi apo mbaliwali inkagwira, koma chifukwa cha chisangalalo ndinkauzira mwamphamvu, kansanza n'kuuluka.

"Moto sakalipira, amachita kuunyengerera," ankatero amalume. "Uzira ngati ukuuza munthu chinsinsi."

Zinali zaka zija za makuponi a feteleza. Tsiku limene amayi analandira kuponi yawo anabwera akuthamanga ngati mtsikana. Anaikulunga m'kapepala ka pulasitiki ka shuga n'kuimangirira pa nsonga ya chitenje, ndipo ankaigwiragwira ngakhale akudya. Chimanga chinali chitamera kale, chachikasu, chofooka, chikudikira. Vuto linali ku depoti. Kunali kutali, ndipo anthu ankagona pamzere kudikira galimoto ya feteleza imene palibe ankadziwa tsiku lake lobwera. Amalume anayenera kupita nawo kuti akakankhe thumba panjinga. Amayi anapempha mayi ena a kutsidya, amene tinkapemphera nawo tchalitchi chimodzi, kuti azidzagona nafe. Amayi ndi amalume ananyamuka kusanatenthe, ndipo jekete la amalume linatsala litakolekedwa pamsomali kuseri kwa chitseko. Mpaka lero sindidziwa ngati analiiwala kapena analisiya dala. Munthu wosuta ngati iwo sankaiwala moto wake.

Mayi a kutsidya aja anabweradi, n'kugona nafe. Kutacha anati akatsegulire mbuzi zawo, abwerera masana. Atangowoloka dambo, kumpoto kunada bii.

Mvula ya tsiku limenelo sinabwere ndi mabingu ambiri. Inangoyamba kugwa mowongoka, yolemera, osapumira. Dambo limene tinkawoloka madzi akulekeza m'mapazi linayamba kulira ngati galimoto yakutali. Pofika masana udzu wonse wa m'dambomo unali utamira, pakuyenda madzi ofiira onyamula mapesi ndi nthambi. Ndinaimirira pakhomo n'kuona kuti palibe munthu amene angabwere kwa ife.

Kenako khoma la kumoto linagwa. Dothi lathu lija linali lisanaume bwino, ndipo linangokhuthukira m'kati ngati phala, n'kukwirira mafuwa ndi makala amene ndinkasunga m'phulusa. Denga linatsikira mbali yomweyo, madzi n'kuyamba kuthira pamphasa. Ndinabereka kamlongo kanga, n'kutola ufa, kapoto, chikwanje ndi jekete la amalume, n'kuthamangira ku chigafa. Mbali imene inali ndi denga inkadontha, komabe inali yabwinoko. Machesi ndinawapeza m'madzi. Ndinayesa ndithu kukhwatcha, koma timitu take tinkangosungunuka n'kusiya mzere wofiirira pabokosi.

Kamlongo kanga kanali katanyowa thupi lonse. Poyamba kankalira, kakuitana amayi, ndipo ndinkakakalipira kuti kakhale chete. Kenako kanakhaladi chete. Kanangokhala pamene ndinakakhazika, kakunjenjemera, milomo itatuwa, maso ali gwa pa ine. Ndinali mwana, koma ndinali nditaonapo ana a pa esiteti akudwala chibayo, ndipo ndinkadziwa kuti mwana akasiya kulira si kuti wapeza bwino. Ndinakavula malaya onyowa, n'kukakulunga m'jekete la amalume. Pokulungapo ndi pamene kachitini kanandigunda padzanja.

M'kati munali mouma. Tinsanza tinalimo tochepa, ndipo ndinkadziwa kuti ndikatiwononga palibenso kwina kokatenga. Choncho ndinatsekanso kachitiniko n'kuyamba kufuna zoyatsira, monga ankachitira amalume, amene sankamenya mwala asanakonze pogonera moto. Chilichonse chimene ndinkagwira chinali chonyowa. Ndinakwera pa mtanda wa chigafa n'kupisa dzanja m'kati mwa udzu wa denga, pamene unathithikana kwambiri. Pamwamba unali wonyowa, pansi wachinyontho, koma pakati ndinakhudza kanthu kofewa, kofunda. Chinali chisa cha mbewa. Mwini wake anandidutsa padzanja n'kuthawa, ine osakuwa n'komwe. Chisacho chinali cha udzu wonyenyedwa bwino ndi timaluzi, chouma ngati cha mwezi wa Okutobala. Ndinachiika m'kati mwa diresi, pamimba.

Nkhuni ndinazipeza pa mtengo wina wa chigafa umene unagwa kale. Kunja unali woterera, koma nditauwaza ndi chikwanje m'kati munali moyera, mouma. Ndinabenthula tizidutswa tating'ono ngati zotokosera m'mano, tina tokulirapo ngati chala, n'kutiunjika pansi pa kapoto kovundikira kuti madontho asatipeze. Pansi panali matope, ndiye ndinayala makungwa ndi miyala.

Zala zinali zitauma ndi kuzizira. Ndinamenya mwala, osatuluka kanthu. Ndinamenyanso, kachitsulo n'kuterereka n'kundisupula khungu la pachala, magazi n'kusakanikirana ndi madzi. Kansanza koyamba kanagwa m'matope. Kachiwiri kanagwira mbaliwali, koma dontho lochokera kudenga linagwera pomwepo ngati lachita kutumidwa. Apa ndinalira. Ndinatukwana mvula, ndinatukwana feteleza, ndinatukwana ngakhale bambo chifukwa chotisiya. Kamlongo kanga kankangondiyang'ana.

Ndinasuntha n'kufulatira kumene kunkachokera mphepo, n'kuwerama kuti msana wanga ukhale denga. Ndinapukuta mwala ndi m'kati mwa diresi n'kuutembenuza kuti ndipeze mbali yakuthwa. Ndinasiya kumenya mwaukali, n'kumangopalula m'mphepete, dzanja lili lofewa. Sindikumbukira kuti ndinamenya kangati. Ndimangokumbukira kadontho kofiira, kochepa ngati diso la nyerere, kali pa kansanza kakuda. Ndinakaika m'kati mwa chisa cha mbewa, n'kuchipinda ndi manja onse awiri, n'kuuzira pang'onopang'ono. Utsi unayamba kutuluka pakati pa zala, woyera, wowawa. Ndinauzirabe mpaka chisacho chinatentha m'manja, kenako chinangoti lawi.

Palibe chimene ndinachitapo pambuyo pake, ngakhale mayeso a sukulu kapena ntchito, chimene chinandisangalatsa ngati lawi limenelo. Ndinaliika pa makungwa n'kumalipatsa tizidutswa tija kamodzikamodzi, ngati ndikudyetsa khanda. Litalimba ndinaika zokulirapo. Nkhuni zouma zinatha msanga, ndipo ndinayamba kuikapo zonyowa, ndi udzu wa denga logwa lija. Zinkalira, zikutuluka thovu kumapeto, ndipo utsi wake unali wochititsa manyazi. Unadzaza chigafa chonse, n'kutulukira pamene denga linabooka, chimtambo chochindikala chokwera m'mwamba pakati pa mvula. Maso ankandiwawa, mamina ali chuchuchu. Ndinkaganiza kuti amalume akanaona akanati umenewo si moto koma chofukizira njuchi.

Komabe unali moto. Ndinakhazika kamlongo kanga pamiyendo n'kumakasisita mapazi ndi msana. Ndinatunga madzi a mvula m'kapoto n'kuphika phala la mgaiwa lopanda mchere, lonunkha utsi. Kanamwa pang'ono, kenako kambiri, kenako kanayamba kulira kuti phalalo lilibe shuga. Kulira kumeneko ndinakumva kukoma. Tinagona pomwepo, ine n'kumadzidzimuka kawirikawiri kuti ndisonkhezere.

Kutacha mvula inali itakata, ndipo dzuwa litakwera madzi anayamba kuphwa. Oyamba kutulukira anali amayi, matope mpaka m'chiuno, opanda mpango kumutu. Sanayang'ane nyumba yakugwayo. Anatigwira kumaso, m'khosi, m'manja, ngati akufuna kutsimikiza kuti ziwalo zonse zilipo. Pambuyo pawo panabwera amalume atasenza thumba la feteleza lokutidwa ndi pulasitiki, njinga ataisiya kutsidya, ndiponso mayi aja a mbuzi. Amalume anatula thumba, n'kuzungulira phulusa langa, n'kuona mtengo wowazidwa uja. Anati moto ndinauyandikiza kwambiri ku nsanamira, tsiku lina ndidzawotcha chigafa. Kenako anayang'ana chala changa chosupuka n'kundifunsa kumene ndinapeza zouma. Nditawauza za mbewa, anaseka mpaka kukhala pansi m'matope.

Sabata yomweyo anthu a kutsidya, amene kale ankangotipatsa moni wapatali, anabwera ndi mitengo ndi udzu kudzatithandiza kumanganso nyumba. Feteleza tinathira ndi kachitsekerero ka botolo, phando ndi phando, amayi akuboola ndi kamtengo, ine ndikuthira, amalume akukwirira ndi chidendene. Chimanga chija chinasintha n'kukhala chobiriwira mpaka kuderako, ndipo chaka chimenecho tinamanga nkhokwe yathu yoyamba, yaing'ono koma yodzaza.

Tsiku lomanga nyumbalo, mayi a mbuzi aja anandikoka khutu pamaso pa azimayi anzawo n'kunena kuti: "Uyu ndiye mwini utsi uja unakhazika pansi amake." Onse anaseka, ena akupukuta m'maso ndi nsonga za zitenje.

Nkhani yake ndinadzaimva bwino nditakula, ndili ndi mwana wanga kumsana. Amayi ndi amalume anafika pa dambo madzulo a tsiku la mvula lija, madzi ali pachimake. Ali kutsidyako anaona denga la nyumba yathu litagwa, popanda chizindikiro cha munthu. Amayi anakwinya chitenje n'kulowa m'madzi. Amalume anawagwira, iwo n'kuwaluma dzanja n'kupulumuka. Amuna ena anathamangira kukawagwira, madzi atawafika kale m'chiuno ndipo akuyamba kuwakokera kumunsi, koma amayi ankalimbana nawo ndi mphamvu zimene palibe ankadziwa kuti ali nazo. Ndi pamene munthu wina analoza ku chigafa. Amayi anayang'ana utsi uja nthawi yaitali, kenako analola kuti awatulutse, n'kukhala pansi pamtunda, mvula ikuwamenya, osafuna kulowa m'nyumba ya munthu aliyense mpaka mdima unawabisira chitunda.

Koma tsiku lomanga nyumbalo zonsezi sindinkazidziwa. Ndinaona azimayi akuseka, amayi atawerama osandiikira kumbuyo, ndipo ndinaganiza kuti mudzi wonse ukunyoza moto wanga wofuka. Ndinataya dothi limene ndinanyamula n'kukakhala kuseri kwa chigafa, nditafufuma ndi mkwiyo, ndikulumbira mumtima kuti ulendo wina ndidzakoleza moto woyera, wopanda utsi ngakhale pang'ono.