Agnesi ndi Chigayo cha pa Nsaru

Pa Nsaru mukafunsa za Benedicto Chikoti anthu ayamba akanda kumutu. Koma mukati "uja wa pachigayo, wa nsidze zoyera," akulozerani msanga. Zaka zisanu ndi zinayi akugaya chimanga cha anthu, ufa unamulowa mpaka m'makutu, moti ngakhale Lamulungu atasamba bwinobwino ankaonekabe ngati wachita imvi. Ndiponso munthuyu sankadziwa kunong'ona. Anazolowera kupikisana ndi phokoso la chigayo, choncho akakupatsani moni m'tchalitchi, ansembe kuguwa ankacheuka.

Kwawo kwenikweni kunali ku Phalombe. Anabwera kuno ali wamng'ono ndi mayi ake, a Agnesi, omwe anali tenanti pa esiteti ina ya fodya cha ku Kasiya. Mayiwo anamwalirira komweko n'kuikidwa m'manda a alendo. Sanasiye chithunzi, sanasiye mbale wapafupi. Chimene Benedicto anatsala nacho chinali dzina lawo basi.

Anakwatira Bertha, mwana wa pamudzi wa pa Nsaru pomwepo, n'kumanga kanyumba ka chikamwini kuseri kwa chigayo. Bertha ankagulitsa zitumbuwa pakhonde la chigayocho, ndipo ali woyembekezera sanasiye mpaka sabata yomwe anachira. Kunabadwa mwana wamkazi. Akuchikazi atamupatsa Benedicto mwayi wotchula dzina, sanaganize kawiri. Anakuwa kuti "Agnesi!" mpaka nkhuku zinabalalika. Kuyambira pamenepo Bertha ankamuitana kuti bambo a Agnesi, ndipo akamva zimenezo ankayenda ngati chigayo n'chake.

Koma kamwanako, abale inu! Masana kankagona kumsana kwa mayi ake pakhonde la chigayo ngati kalipidwa. Dzuwa likangolowa kankatsegula maso, kenaka pakamwa. Bertha ayamwitse, kagone pang'ono, kadzidzimuke. Amusinthe thewera, zomwezo. Benedicto amunyamule, azungulire naye nyumba akuimba "Agnesi, Agnesi" ndi mawu ake aja, ndiye ngati wathira parafini pamoto. Kusikelo anamwino anamuyeza n'kunena kuti mwana ali bwinobwino, ana a miyezi itatu sanadziwe kusiyanitsa usiku ndi usana, adzasintha yekha. Mawu abwino ndithu, koma anamwinowo ankagona kwawo.

Panali chinthu chimodzi chodabwitsa. Masiku ena magetsi ankazima tsiku lonse n'kudzayaka pakati pa usiku. Zikatero azimayi omwe agona pamzere ndi matumba awo ankadzagogoda, Benedicto n'kupita kukagaya mpaka m'bandakucha. Usiku ngati umenewo mwana ankagona tulo tofa nato.

Amene anazindikira zimenezi anali a Tisiyenji, mayi ake aakulu a Bertha, munthu woti chinthu sichimudutsa. Anawaitanitsa onse awiri pakhonde pawo.

"Akamwini, musandimve molakwa," anatero. "Ine ndakhala ndikuwerenga masiku. Mukakhala m'nyumba n'kumaitana dzina lija, mwana amalira. Mukachoka, tulo. Mwanayu akukana dzina. Alipo wakwathu kuno amene anatsogola, akufuna dzina lake. Loweruka madzulo tikhala pansi, titchule maina a malemu onse. Pamene atontholere, dzina ndi lomwelo."

Benedicto anangoti, "Ndamva, amayi." Mkamwini angatsutse chiyani pakhonde la eni mudzi? Koma mumtima munamupweteka kwabasi. Dzina lija likachoka pa mwana, mayi ake atsala pati?

Lachisanu usiku magetsi anayaka cha m'ma wani koloko. Azimayi anagogoda, koma Benedicto anakana kutuluka, koyamba chiyambire ntchito.

"Kawadzutseni a Harrison, chigayo n'chawo," anakuwa ali m'kati. "Ine lero ndikuchezera ndi mwana wanga akadali Agnesi."

Anakhala pamphasa, mwana akulira pachifuwa pake, Bertha atatsamira khoma maso ali psuu. Patapita kanthawi a Harrison, eni chigayo, anafika akung'ung'udza n'kuchiliza. Phokoso lija linabwera kudzera m'khoma, mbale pa thandala n'kumanjenjemera pang'ono. Mwana anadukiza kulira, anayasamula, kamutu n'kugwera paphewa pa bambo ake.

Awiriwo anayang'anizana.

"Tamuitaneni," anatero Bertha.

"Agnesi!"

Mwana ali phee.

"Bambo a Agnesi, ndife opusa eti?" Bertha anaseka atagwira pakamwa. "Miyezi isanu ndi inayi ali m'mimba amamva chiyani pakhonde paja? Uyu sakukana dzina. Akufuna chigayo chake."

Benedicto anafuna kuthamangira kwa a Tisiyenji usiku womwewo, koma Bertha anamugwira malaya. Anati amayi aakulu sauzidwa zinthu, amafuna aone okha. Anatenga foni yake, anapita pachigayo ndi kukajambula phokoso lija mphindi makumi awiri, a Harrison akumuyang'ana ngati wapenga.

Loweruka madzulo magetsi kunalibe. Abale anasonkhana, mwana anayamba nyimbo yake panthawi yake, ndipo a Tisiyenji anayamba kuitana malemu. Doreen: kulira. Kettie: kulira kowonjeza. Anatchula agogo, azakhali, mpaka mayi wina amene anthu anayamba kutsutsana ngati anamwaliradi kapena anangosamukira ku Mchinji. Maina anatha, mwana asanathe.

"Amayi, tayesani lomwe ali nalo kale," anatero Bertha mwaulemu, dzanja likulowa m'chitenje.

A Tisiyenji anapumira m'mwamba n'kuitana mosafuna. Mwana anadukiza, anayasamula, zikope n'kuyamba kulemera. Anthu anati "Aaa!" Koma a Tisiyenji anapendeketsa mutu, khutu lili tcheru.

"Iwe Bertha, chitenje chakocho chikugaya mgaiwa kapena woyera?"

Pabwalo panagwa phwete. Bertha anatulutsa foni ija mwamanyazi n'kufotokoza zonse: khonde la chigayo, magetsi a usiku, zimene anaona dzulo lake. A Tisiyenji anailanda, anaizimitsa, mwana n'kutsegula maso. Anaiyatsanso, mwana n'kutseka. Anatero katatu konse, pakuti iwo sakhulupirira za kamodzi.

"Ndiye kuti tavutitsa malemu pachabe," anatero. "Atikhululukire." Kenaka anatembenukira kwa Benedicto, amene nthawi yonseyi anali atanjuta kumapeto kwa mphasa, chipewa chili m'manja. "Akamwini, inu munangoti mwamva. Bwanji simunandiuze kuti dzinali likukuwawani chonchi? Mayi anuwo anagona kuti kodi?"

Benedicto anatsegula pakamwa, ndipo anthu anachita kusendera kuti amve, chifukwa mawu anatuluka aang'ono.

"Ku esiteti, amayi. Ndinapitako chaka chatha. Analimapo fodya, malo ake sindinawapeze."

Kuseka kuja kunatha. A Tisiyenji anatenga mwana m'manja mwa Bertha, anamufunditsa bwino, foni ija n'kuiika pambali pake ikulirabe.

"Gonani, a Agnesi," anatero. "Mwayenda mokwanira. Kwanu ndi kuno."

Benedicto anapukuta m'maso ndi chipewa chake chija, nkhope yonse n'kuyera ufa.