Lennah Sasekera Kabokosi

Lennah Chimbalanga, mayi wa ku Ntcheu, amagwira ntchito m'hotela ina ku Business Bay, kutsidya kwa nyanja. Ndi wamfupi, wamanja achangu, ndipo sabisa Chichewa. Anayamba ndi kukonza zipinda za alendo, ndipo bedi akaliyala iye, umachita mantha kukhalapo.

M'chipinda chilichonse cha hotelayo muli kabokosi komvera mawu. Ukalowa umati, "Hei Nuru," kenako n'kukalamula kuti katsegule makatani kapena kayatse magetsi. Chaka chatha mabwana anakawonjezera nzeru zoti kaziyeza mtima wa wantchito pa mawu awiri omwewo. Ukakaitana mosangalala, dzina lako limabiriwira pa foni ya supavaiza. Ukakaitana mokhumudwa, limafiira. Wofiira kawirikawiri amamutsitsira kochapira zovala, pansi penipeni popanda zenera, ndipo aliyense amadziwa kuti kontrakiti ikatha, oyamba kuiwalika ndi a kumeneko.

Anthu anachenjera msanga. Munkawaona akuyamba kuonetsa mano ali pakhomo, ngati mkamwini wofika kwa apongozi. Zochititsa manyazi ndithu, munthu wamkulu kusekerera chitsulo. Lennah nayenso ankatero, poti ana kumudzi amadya.

Kenako bambo ake anamwalira. Uthenga unamupeza m'basi ya kampani, m'mawa popita ku ntchito. Tchuthi chake anali atadya kale, ndiye zopita zinakanika. Kwawo namfedwa sakweza mawu ndipo saseka mpaka tsiku lometa. Abale ake anali pamphasa m'siwa, iye ali ndi mapilo m'manja. Zinamuwawa kwambiri. Anatsimikiza kuti mwambo umenewu wokha ausunga, ngakhale ali kutali.

Analowa m'chipinda choyamba. "Hei Nuru," anatero chapansipansi. Makatani anatseguka, dzina linafiira. Chachiwiri, chimodzimodzi. Sabata isanathe, Kapambwe, supavaiza wake wochokera ku Lusaka, anamupeza akupukuta galasi.

"Ba Lennah, sorry maningi pa maliro. Manje ba manager baona report. Sekaniko chabe pang'ono poitana, two seconds, khalas, zatha. Mukavala mtima wanu pambuyo."

"Mtima si yunifomu, a Kapambwe."

"Bazakupelekani ku laundry. Ine ningachite bwanji?"

"Maliro a bambo anga sanamete n'komwe, ine ndiziseka? Ndisekere ndani, kabokosi?"

Kapambwe si munthu woipa, kungoti nayenso dzina lake limaoneka pa foni ya wina. Anapita naye kwa manijala, bambo waulemu wake, wonunkhira bwino. Manijalayo anafotokoza m'Chingerezi kuti alendo amalipirira chisangalalo, ndipo makinawo sanama. Anasuntha kabokosi ka patebulo pake n'kumupempha Lennah kuti ayesenso kamodzi, mwansangala, nkhani ithere pomwepo.

Lennah anakayang'ana. Anaganiza za ana, anaganizanso za kontrakiti. Mantha anali nawo, tisaname. Koma anaitana ndi mawu omwe aja a m'siwa.

Foni ya Kapambwe inafiira.

"Mwati sanama," anatero Lennah. "Ndavomera. M'nyumba yonseyi ndi kokhaka kamene kadziwa kokha kuti ndaferedwa. Musakakonze, kali bwino."

Tsiku lotsatira anamutsitsira kochapira. Kumeneko kumatentha, ndipo makina amalira moti mnzako umamuyankhula ndi manja. Kabokosi kulibe, sikangamve kanthu. Lennah anaponya mashiti a pabedi m'makina, anadina batani, phokoso linadzaza chipinda. Anavula nsapato, anakhala pansi n'kutambasula miyendo monga amakhalira amayi pamaliro, ndipo anayamba kulira mokweza, akuitana bambo ake ndi mfunda wawo.

Norah, mayi wa ku Chipata amene ankapinda matawulo, anaona pakamwa pokha, osamva mawu. Sanafunse. Maliro n'kulirana. Anasiya matawulo, anavula nsapato zake, nakhala pambali pake.