Mapichesi Amene Tinawapopera Madzi

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu sitandade 5, bambo akuphunzitsa pasukulu ina m'tsinde mwa mapiri, kumtunda kwa Wovwe, m'boma la Karonga. Kwathu ndi ku Dedza, ndipo chimene bambo ankachisowa kwambiri ku Karonga chinali mapichesi. Anabwera ndi mbande kuchokera kumudzi nazidzala kuseri kwa nyumba yathu ya pasukulu. Anthu ankati mitengo imeneyi sibala kotentha, koma ingapo inagwira, ndipo inabala.

Vuto linali mphutsi. Ukang'amba pichesi looneka bwino kunja, m'kati unkapeza zikunyang'ama. Mlangizi wa zaulimi anabwereketsa bambo pampu yoberekera kumsana ndi kabotolo ka mankhwala, nawachenjeza kuti munthu asadye chipatso chopopera mpaka patapita masabata angapo. Bambo analengeza chenjezolo kwa ana onse a sukulu. Chaka chimenecho mphutsi zinachepa, ndipo ana amene ankaba zipatso anasiyiratu kudutsa kuseri kwathu.

Chaka chotsatira mankhwala anatha, mlangizi uja atasamutsidwa. Pampu yokha ndi imene inatsala. Mapichesi atayamba kufiira, bambo anandituma kuti ndiidzaze ndi madzi a pachitsime.

"Nanga mankhwala, bambo?" ndinafunsa.

"Anthu angoona kuti tikupopera, basi. Ndipo usauze munthu."

Kusunga pakamwa sichinali chachilendo masiku amenewo. Ngakhale popita kumsika, kumene anyamata a chipani ankafunsa makadi pakhomo, mayi ankatiuza kuti tiziyang'ana pansi. Choncho ndinakhala chete. Bambo anamanga kansalu pamphuno, nazungulira mitengo ija akupopera madzi, ana akuwaonerera chapatali atatseka mphuno zawo.

Pafupi nafe pankakhala a NyaGondwe, mayi wamasiye amene ankalima mpunga kusikimu ya ulimi wothirira. Ndiwo anaphunzitsa mayi anga Chitumbuka chogulira zinthu, ndipo akakolola sankaiwala kutipatsako. Anali ndi mwana mmodzi yekha wamoyo, Wongani, amene anali asanayambe sukulu.

Tsiku lina masana, dzuwa likuwawula, tinamva kulira kukubwera ndi njira. Anali a NyaGondwe akuthamanga, Wongani ali m'manja, anthu akuwatsatira. Mwanayo anamupeza akumaliza kudya pichesi limene anatola pansi pa mtengo wathu. Asanabwere kwathu mayi ake anali atamutsegula kukamwa mokakamiza ndi kumumwetsa madzi a mchere kuti asanze. Anasanza mpaka kulefuka. Mutu wake unkangogwedera, milomo itachita mbuu, malaya akununkha masanzi.

A NyaGondwe anagwada pafumbi patsogolo pa bambo.

"Asambizgi, mwana wane akufa," anatero, akusakaniza Chichewa ndi Chitumbuka, m'mene mphunzitsi amati msambizgi. "Sindikudandaula, wolakwa ndi iye. Ndiuzeni dzina la mankhwala chabe, kuti ndikawauze kuchipatala."

Chipatala chinali kutali, ndipo akanayenda wapansi padzuwa lija mwana ali kumsana. Ndinayang'ana bambo. Anatsegula pakamwa natsekanso. Pagulupo panali makolo a ana awo a m'kalasi, panalinso aphunzitsi anzawo. Mayi wina anali atayamba kale kumasula chitenje kuti aberekere mwanayo.

"Ndi madzi!" ndinakuwa. "Munalibe mankhwala. Ndinathiramo ndine."

A NyaGondwe anatembenukira kwa bambo.

"Zoona, asambizgi?"

"Zoona," anayankha bambo motsitsa mawu, maso ali pansi.

Ndinkayembekeza kuti alalata, mwina kutukwana kumene. Sanatero. Anakhala pansi pomwepo, namukumbatira Wongani, akulira ndi kumupepesa m'Chitumbuka chifukwa cha mchere uja. Mayi anga anatuluka ndi madzi akumwa ndi phala. Anthu ena anayamba kuseka chapansipansi, ndipo mmodzi anati, "Kasi mankhwala a ku Dedza ndi a pachitsime?" Ine ndinkafuna nthaka itandimeza. Manyazi anga sanali a kuseka kwawoko, koma a kuona mayi wamkulu atagwadira bambo anga pa chinthu chabodza.

Wongani anadzuka bwino m'mawa mwake. Bambo sanandimenye, komanso sanandilankhule kwa masiku angapo. Kusukulu anzanga akandiona ankatsanzira kupopera ndi manja. Loweruka lake bambo anavala jekete ngati akupita kutchalitchi, natenga dengu la mapichesi, nandiuza kuti ndiwaperekeze. Kwa a NyaGondwe anakana mpando, nakhala pansi ndi kupepesa. A NyaGondwe analandira dengulo nathokoza kuti yewo, koma Wongani atatambasula dzanja mayi akewo anagwira dzanjalo msanga, nalibweza. Mantha aja anali asanawachoke m'thupi.

Panjira pobwerera bambo anati, "Unachita bwino. Ndimayenera kunena ndine."

Lero ndili ndi mitengo yanga ya mapichesi ndipo ndimapopera mankhwala enieni. Ndikatero ndimauza anansi tsiku limene ndapopera ndi nthawi imene zipatso zidzakhale zabwino kudya. Ndinazindikira kuti bodza lathu silinaopseze akuba okha. Linakavulaza mayi amene ankakhulupirira mawu a mphunzitsi ndi mtima wake wonse, ndipo amene anamwa mchere anali mwana wake.